Casa Azul, nyumba ya Frida Kahlo: muionere pa intaneti muli konkuno ku Lilongwe

Kuchokera pabwalo la ndege la Kamuzu palibe ndege yopita mwachindunji ku Mexico City, ndipo mtengo wa ulendowo si wamasewera. Komabe nyumba ya Frida Kahlo, katswiri wojambula wa ku Mexico, mutha kuiyendera pa intaneti. Kwa ojambula, aphunzitsi a zaluso ngakhale osema ziboliboli aku Old Town, bandulo yake sipita pachabe.

Nyumbayi ili ku Coyoacán, dera la mu Mexico City, mumsewu wa Londres nambala 247. Anaimanga mu 1904 ndi bambo ake a Frida, a Guillermo Kahlo, wojambula zithunzi ndi kamera wochokera ku Germany. Frida anakulira momwemo, anadzakhalamonso ndi mwamuna wake Diego Rivera, nayenso katswiri wojambula, ndipo anamwalira momwemo pa 13 Julayi 1954 ali ndi zaka 47. Dzina loti Casa Azul, kutanthauza nyumba ya buluu, likuchokera ku utoto wa buluu wowala umene uli pamakoma ake. Rivera sanafune kuti katundu amwazike ngati mmene zimakhalira ndi katundu wamasiye kwathu kuno, aliyense wanyamula chake maliro asanazizire. Anapereka nyumbayo kwa anthu a dziko lake, kuyang'anira kwake n'kukuika m'manja mwa Banco de México, banki yaikulu ya dzikolo, ndipo inatsegulidwa ngati myuziyamu mu 1958.

Dziwiranitu chinthu chimodzi kuti musakhumudwe: zithunzi zotchuka kwambiri zimene Frida anajambula mulibe. Cha ma Frida awiri ogwirana manja chili ku Museo de Arte Moderno, myuziyamu ina ya mu Mexico City. Muno muli zochepa, monga cha mavwende odula chimene analembapo mawu oti Viva la Vida, kutanthauza moyo ukhalitse, atatsala pang'ono kumwalira. Mphamvu ya nyumbayi ndi katundu wamba amene anasiyidwa pamalo pake.

Yambani ndi kuchipinda. Bedi la Frida lili ndi denga lathabwa, ndipo kunsi kwa dengalo anamatako galasi. Mu 1925 basi imene anakwera inagundana ndi sitima yamumsewu, iye n'kuthyoka msana ndi mafupa a m'chiuno. Anagona chagada miyezi yambiri, ndiye makolo ake anamukonzera galasi ndi thabwa lojambulirapo ali chigonere. Mukaliona galasilo simufunsanso chifukwa chake ankakonda kujambula nkhope yake yomwe. Chipinda china chili ndi chiwiya chadothi chooneka ngati chule, mmene muli phulusa la mtembo wake. Mu situdiyo, mbali imene katswiri wa mapulani a nyumba Juan O'Gorman anawonjezera mu 1946 ndi miyala yakuda yochokera kuphiri lophulika, njinga ya Frida ya anthu aulumali yaima moyang'anizana ndi choimikapo chithunzi, maburashi ndi timabotolo ta utoto zili patebulo ngati mwini wake wangotuluka panja.

Khitchini ndiye ingakukumbutseni kumudzi: pansi pachikasu, ng'anjo ya nkhuni, miphika yadothi ikuluikulu, ndipo pakhoma timiphika ting'onoting'ono tondandalika mpaka kulemba mayina a Frida ndi Diego. Leon Trotsky, wandale wa ku Russia, anakhalakonso m'nyumbayi kuyambira 1937 mpaka 1939 atathawa Stalin, wolamulira wa dziko lakwawo, koma za iyeyo muli zochepa, myuziyamu yake ili payokha chapafupi pomwepo.

Nkhani yokoma ndi ya bafa. Rivera analamula kuti likhale lokiya zaka 15 iye akamwalira. Dolores Olmedo, mnzake amene anamusiyira udindowo, sanalitsegule mpaka imfa yake mu 2002. Pamene zitseko zinatsegulidwa mu 2004 anapeza zithunzi za kamera zoposa 6,000, makalata, madiresi achikhalidwe cha ku Mexico otchedwa Tehuana, zomangira msana zapulasitala zimene Frida anazijambula yekha, ndi mwendo woikirira wovala jombo yofiira, poti mwendo wake wamanja anaudula mu 1953.

Kalowedwe kake n'kosavuta. Tsegulani tsamba la Google Arts & Culture, lembani Museo Frida Kahlo, sankhani gawo loyenda m'nyumba, kenako muzidina timivi tapansi kuti musunthe. Vuto lili pa netiweki. Zithunzi zake n'zozungulira mbali zonse, motero n'zolemera, ndipo netiweki ikamakoka chipinda chimayamba chaoneka mbuu. Dikirani chiyere musanadinenso, chifukwa mukadina motsatizana mupezeka muli pabwalo pakati pa zomera osadziwa kuti mwatulukira khomo liti. Pafoni timapepala tofotokozera katundu sitiwerengeka bwino, ndiye laputopu ndi Wi-Fi zimaposa. Mawu ambiri ali m'Chisipanishi ndi Chingerezi. Chimene intaneti imakumanani ndi kukula kwenikweni kwa zipinda, bedi lija limaoneka lalikulu kuposa mmene lilili.

Amene mwayi ungawagwere wopita komweko agulire tikiti pa intaneti masiku angapo ulendo usanafike, chifukwa amalowetsa anthu potsata nthawi yolembedwa patikiti, ndipo Lolemba satsegula. Siteshoni ya sitima zamumzinda (Metro) yoyandikira ndi Coyoacán pa laini 3, kenako n'kuyenda pansi kamtunda ndithu. Pouza wa takisi tchulani msewu wa Londres, chifukwa ku San Ángel kulinso nyumba ina ya buluu imene awiriwa anakhalamo, nayonso ndi myuziyamu.