Maphunziro a Chingerezi a madzulo ku Kapata ndi mawu akuti intermit

Kwa miyezi itatu ndakhala ndikupita ku maphunziro a Chingerezi a madzulo amene aphunzitsi ena opuma pa ntchito amachititsa kunyumba kwawo ku Kapata, muno mu Chipata, ndipo ndikufuna kuwayamikira makamaka chifukwa cha mawu amodzi. Mwana wa mlongo wanga, amene akuphunzira ku England, analemba kuti sukulu yamulola kuchita intermit, ndipo tonse pakhomo mitima inali m'mwamba poganiza kuti wachotsedwa.

Nditawaonetsa uthengawo, aphunzitsiwo sanathamangire kumasulira. Anatenga choko n'kulemba pa bolodi mawu awiri a Chilatini, inter, kutanthauza pakati, ndi mittere, kutanthauza kutumiza kapena kulekerera, kenako anafotokoza kuti intermit ndi mneni wakale wotanthauza kuleka chinthu kwa kanthawi kuti chidzayambirenso, monga mmene mvula imakatira pakati pa dzinja n'kudzabwereranso chimanga chisanafote. Anatikumbutsa za malungo, amene amatenthetsa thupi, kuleka, n'kuyambiranso, ndipo anati n'chifukwa chake madokotala amati intermittent fever. Chimene chinandigwira mtima ndi chenjezo lawo lakuti pocheza wamba mawuwa amamveka achikale, moti ndi bwino kunena pause kapena suspend, ngakhale kuti mayunivesite ena a ku Britain, monga Cambridge, amawagwiritsabe ntchito ponena za wophunzira amene waloledwa kupuma kaye. Usiku umenewo mlongo wanga anagona tulo.

Chodandaulitsa n'chakuti chipindacho n'chaching'ono, ndipo magetsi akazima timawerenga ndi tochi ya pafoni. Komabe ndalipiriratu kale mwezi wamawa.