Maphunziro a za SADC a ochita geni pa Lizulu, mmene ndawaonera ine

Amene mwakhala mukufunsa ngati nkoyenera kutseka geni tsiku lonse kupita ku maphunziro amene bungwe lina likuchititsa kwa ife ogulitsa m'malire muno, ine ndikuti pitani ndithu, koma mupite mutakonza kale mafunso anu chifukwa nthawi ya mafunso ndi yochepa zedi. Ndinenetu poyamba, alawansi kulibe, ndi tiyi ndi nkhomaliro basi.

M'mawa amakamba za msonkho ndi mapepala a katundu, zambiri timazidziwa kale ndipo sanachedwe nazo. Gawo lamasana ndi limene linandigwira mtima, mayi wophunzitsayo atafunsa kuti mwa ife ndani anavoterapo munthu wokatiimira ku SADC. Holo yonse zii. Ndipotu ife a pa Lizulu msewu wa M1 ndiwo malire, mbatatesi ndi kabichi zimachokera mbali zonse ziwiri, achibale athu ena ali ku Angonia ku Mozambique, nde zimene atsogoleri amagwirizana zimatikhudza ife kuposa munthu wa m'tauni ku Lilongwe, koma palibe anadzatifunsapo ndi tsiku limodzi lomwe.

Mayiwa sanatinyengerere ayi, anafotokoza mwatchutchutchu. Bungwe la SADC, la mayiko a kum'mwera kwa Africa, linayamba mu 1980 ku Lusaka Malawi ili momwemo, pangano la SADC ya lero anasaina ku Windhoek mu 1992, likulu lili ku Gaborone, mayiko alipo 16, ndipo mawu omaliza ndi a atsogoleri a mayikowa pa msonkhano wawo wa pachaka. Bwalo la aphungu a SADC lilipo ku Windhoek kuyambira 1997 koma opitako amachoka m'nyumba za malamulo za mayiko awo, sitiwasankhira ntchito imeneyo ife. Pa msonkhano wa ku Lilongwe mu 2021 anavomereza kuti bwaloli lisanduke nyumba ya malamulo ya chigawo chino, koma yongokambirana ndi kupereka uphungu. Ku African Union nkhani yake ndi yomweyo, nyumba yake ya malamulo ya ku Midrand ku South Africa dziko lililonse limatumiza aphungu asanu, mmodzi mwa iwo ayenera kukhala mayi, osankhidwa ndi aphungu anzawo. Pomwe ku Ulaya anthu wamba akhala akuvotera okha aphungu a European Parliament kuyambira 1979. Kwa ine zili ngati banki mkhonde yoti ndalama ukusonkha, pajatu ndalama za umembala zimachoka pa misonkho yathu, koma malamulo akupanga ndi ena iwe uli panja.

Nkhani ya khoti ndi imene inandipweteka kwambiri ndipo ndikuthokoza kuti anaikamba osabisa kanthu. SADC inali ndi khoti lake ku Windhoek komwe munthu wamba ngati ine ndi inu amatha kukasumira boma lake zikakanika kumakhoti akwawo. Mu 2008 khotilo linagamula mokomera mlimi wa ku Zimbabwe, Mike Campbell, ndi anzake pa nkhani yolandidwa minda, boma la Zimbabwe linakana chigamulocho, pofika 2010 atsogoleri anaimitsa khotilo, kenaka mu 2014 ku Victoria Falls anasaina pangano latsopano loti lizingoweruza milandu ya pakati pa mayiko okhaokha. Kaya wina amaganiza zotani pa nkhani ya minda ya ku Zimbabwe, khomo limene anatseka linali lathu tonse, ndipo anatseka osatifunsa. Ku South Africa khoti lalikulu linagamula mu 2018 kuti zimene a Jacob Zuma anachita ali pulezidenti potengapo mbali poimitsa khoti la SADC zinali zosemphana ndi malamulo a dziko lawo. Chotilimbitsako mtima nchakuti Malawi inavomera mu 2008 kuti nzika zake zizitha kupita zokha ku khoti la za ufulu wa anthu mu Africa la ku Arusha ku Tanzania, khomo limenelo likadali lotsegula ndipo ambiri m'holo muja amamva koyamba.

Zimene sizinandisangalatse zilipo. Anatiuza kuti pangano la SADC limati dziko lililonse likhale ndi komiti yake momwe muli boma, amabizinesi, mabungwe ndi oimira anthu apantchito, bambo wina wogulitsa tomato anafunsa kuti nanga ife dandaulo lathu lingafike bwanji ku komiti imeneyo, yankho linali loti nthawi yatha tikakamba ulendo wina. Apatu ndiye panali pofunika kukhalitsa! Mapepala amene anagawa ndi achingerezi okhaokha, amayi ambiri anangowapinda nkuika m'chikwama. Komanso anzathu a tsidya lina la msewu sanawaitane, chonsecho timagulitsa nawo pamsika umodzi ndipo mavuto athu ndi amodzi.

Pa mamalikisi 5 ndikuwapatsa 4. Okonza maphunzirowa, chonde musamaike pa tsiku la msika, mapepala mumasulire m'Chichewa ndi Chipwitikizi, ndipo ulendo winawo muitaneko phungu wa dera lino adzatiuze yekha kuti aphungu a Malawi akapita ku Windhoek ndi ku Midrand amakanenako chiyani za ife.