Miyezi 10 ndi njinga ya magiya m'zitunda za kwa Mwansambo: mabuleki andidyera ndalama

Alamu anga a ku Dwangwa anandiimbira Lamlungu lapitali. Akuti aona njinga yofanana ndi yanga ikugulitsidwa, ndiye amafuna kumva ngati agule. Foniyo inandipeza ndikuchokera kolipira K58,000 ya mabuleki a njinga yangayo, mtima udakali m'mwamba, moti ndinangoti "Alamu, ndalamayo kaguleni mbuzi." Patapita masiku ndazizirako, ndiye ndati ndilembe bwinobwino kuti iwo ndi ena ofuna njinga zotere adziwe chimene akulowamo.

Ndinagula mu Ogasiti chaka chatha kwa mkulu wina wa ku Lilongwe amene amaoda njinga za kaunjika zochokera kunja. Mtengo unali K420,000, ndipo anakana kutsitsa ngakhale K5,000, amvekere kuchokera pomwe kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 katundu aliyense wa m'kontena ndi moto. Njinga yake ndi ya felemu ya aluminiyamu, matayala a mainchesi 29, magiya 27, shokomu kutsogolo ndi mabuleki a disiki oyendera oyilo. Cholinga changa chenicheni chinali Nyika. Ndinaonapo zithunzi za anthu akupalasa kuzungulira Chelinda, m'mapiri a udzu okhaokha okwera kupitirira mamita 2,000, mbidzi zikuwayang'ana, ndipo ndinati tsiku lina ndidzakwera basi ya ku Rumphi nayo. Mpaka lero sindinapite. Koma zitunda za kuno kwathu ku Nkhotakota zokha zayiyesa mokwanira.

Zimene zikugwira bwino sindichedwapo. Felemu ilibe dzimbiri ngakhale timakhala kufupi ndi nyanja. Magiya amalowa bwino ukamatsuka mchenga ndi kudontheza oyilo sabata iliyonse. Shokomu imalira pang'ono koma ikugwira. Chishalo ndi chouma ngati benchi ya ku tchalitchi, ndinazolowera patatha mwezi.

Pokwera ndiye njingayi ilibe mnzake. Ulendo umene ndimaukonda ndi wochoka paboma m'mamawa, kutsika ndi msewu wa M5 kudutsa pa Chia, kenako kukhotera kumadzulo m'misewu ya fumbi yolowera kwa Mwansambo. Kumeneko dziko limayamba kutukuka pang'onopang'ono kulowera ku mapiri a Ntchisi. Nyanja ili pa mamita pafupifupi 475 kuchokera pamwamba pa nyanja yamchere, pamene phiri la Ntchisi limapitirira mamita 1,500, ndiye mungadziwe kuti miyendo imagwira ntchito. Pali chitunda china chimene anyamata onyamula makala ndi mtedza amatsika n'kumakankha. Ine ndimaponya giya yaing'ono n'kumakwera ndili chikhalire. Tsiku loyamba mnyamata wina anaima n'kufuula, "Bigi, ili ndi injini kodi?" Ndinasangalala ngati mwana, ndipo K420,000 ija sinandiwawe tsiku limenelo.

Msewu wa M18 wopita ku Kasungu sindiyerekeza kupitirira geti la nkhalango yosungira nyama zakutchire ya Nkhotakota. Chibweretsereni njovu pafupifupi 500 kuchokera ku Liwonde ndi Majete mu 2016 ndi 2017, ndinadziuza kuti magiya 27 sangandipulumutse. Kashembe nazonso sizicheza.

Vuto loyamba linali laling'ono koma lotopetsa. Nditaponchetsa koyamba, ndinazungulira msika wonse wa paboma osapeza chubu cha 29. Wogulitsa wina anandikakamiza tayala la 28 la njinga zakuda za kabaza, ati kusiyana kwake ndi inchi imodzi yokha. Silinalowe. Manambala amenewa ndi opusitsa: limu ya 29 ndi mamilimita 622, pamene ya kabaza ija, ngakhale amailemba 28, ndi mamilimita 635. Valavu yakenso ndi yopyapyala, pampu wamba sigwira. Panopa ndimaitanitsa machubu awiriawiri ku Lilongwe ndipo sindichoka pakhomo popanda zigamba ndi guluu.

Koma nkhani yeniyeni ndi mabuleki. Miyezi inayi yoyamba anali odabwitsa, chala chimodzi chokha njinga n'kuima. Mu Januwale, mvula ili pakati, ndinayamba kumva kuti chogwirira cha buleki ya kumbuyo chikufewa. Ndikafinya chimafika mpaka pa handulo. Ndinanyozera. Loweruka lina ndikubwerera kuchokera kumtunda, pa mtsetse wautali wotsikira ku kamtsinje kena, ndinafinya ndipo panalibe chilichonse. Ya kutsogolo inagwira koma inayamba kulira, tayala likutsetsereka pa dongo lonyowa. Pansi pa mtsetsewo pali mlatho wa matabwa, ndipo amayi awiri anali akuwoloka atasenza mitolo ya nkhuni. Ndinangosankha munda wa chinangwa wa eni ake. Ndinagwera m'mizere, bondo linasupuka, ndipo ndinathyola mitengo ya chinangwa isanu ndi umodzi. Mwini munda, agogo ena aamuna, anayamba afunsa kaye ngati ndili moyo, kenako anawerenga mitengo yawo. Ndinasiya K5,000 ndi kupepesa kwambiri.

Lolemba ndinapita nayo kwa makaniko amene wakhala akukonza njinga za banja lathu zaka zambiri. Munthu wodziwa ntchito yake, amamanga masipoko maso ali kwina. Anayang'ana n'kunena kuti oyilo watha, ndipo anatuma mwana kukagula buleki fuluwidi wa galimoto. Ine osadziwa kanthu ndinavomera. Masiku atatu mabuleki anagwira bwino. Sabata isanathe anayamba kumata, tayala osazungulira, kenako oyilo anayamba kuchucha n'kunyowetsa mapadi ndi disiki. Ndinadzamva pambuyo pake kuti mabuleki a oyilo alipo a mitundu iwiri. Ena amafuna fuluwidi wonga wa galimoto, wolembedwa DOT, ena amafuna mineral oil, ndipo ukasokoneza timarabala ta m'kati timatupa n'kuwonongeka. Anga anali a mineral oil. Zinalembedwa pa kachivundikiro, m'tizilembo tating'ono timene tonse awiri sitinawerenge. Makaniko sindimuimba mlandu kwambiri. Anandiuza yekha kuti, "Achimwene, izi ndi zachilendo, ife tinazolowera za ndodo ndi za waya," ndipo anakana ndalama ya ntchito.

Amene ndili naye mawu ndi wogulitsa. Tsiku logula anandigwira dzanja n'kunena kuti chilichonse chikavuta m'chaka choyamba ndingomuimbira, zipangizo ali nazo zodzaza. Nditamuimbira koyamba anayankha mwaulemu, "Bwana musadandaule, ndikutumizirani pa minibasi Lachisanu." Lachisanu ndinakhala pa depoti mpaka dzuwa kulowa. Sabata yotsatira anati katundu wachedwa ku doko. Kenako anasiya kuyankha, mauthenga a pa WhatsApp akuoneka kuti awerengedwa. Nditaimba ndi nambala ya akazi anga anayankha msanga, ndipo atazindikira mawu anati mabuleki ndawononga ndekha ndi oyilo wolakwika. Pamenepo sananame, koma buleki inayamba kufewa oyiloyo asanathiridwe, ndipo makina oimitsa njinga ya K420,000 samayenera kugulitsidwa popanda kuuza munthu wa ku Nkhotakota kuti akavuta akalowera kuti. Pamapeto anati angandigulitse mabuleki ena pa K95,000, transipoti yanga.

Njinga inakhala m'nyumba miyezi iwiri, ana akuyanikapo matawulo. Nthawi imeneyo mukanandifunsa ndikanakupatsani pa theka la mtengo. Amene anandithandiza ndi mnyamata wina wokonza njinga ku Salima, yemwe mnzanga wa ku Senga Bay anandilozera. Anachotsa za oyilo zonse n'kuika mabuleki a disiki okoka ndi waya. Sagwira mwamphamvu ngati aja, pa mtsetse wautali zala zimatopa, koma waya akaduka ndimupeza pa msika uliwonse ndipo makaniko wathu atha kumanga. Ndiyo K58,000 ija. Ndikawonkhetsa ndi machubu, tayala limodzi, ulendo wa ku Salima, fuluwidi wolakwika uja ndi chinangwa cha agogo, njingayi yandidyera ndalama zina pafupifupi K130,000 m'miyezi 10.

Dzulo ndinabwerera kumtunda, mwera ukuwomba kumbuyo, ndipo ndinakwera chitunda chija osatsika. Pobwerera ndinadutsa pa mlatho uja pang'onopang'ono, mabuleki akugwira. Sindigulitsanso. Alamu, ngati mtima wanu uli pomwepo gulani, koma sankhani ya matayala a 26 ndi mabuleki a waya, ndipo ikhale yosapitirira K350,000. Ikakhala ya mkulu uja, nditumizireni nambala imene akugwiritsa ntchito panopa, yakale ija anandibuloka.