Atlas of Middle-earth: buku la mapu a dziko lopeka, ndaliika pambali pa mapu a Mangochi

Amene munaonerako mafilimu a Lord of the Rings aja, kaya pa laputopu ya mnzanu kaya mu vidiyo sho, mwina simudziwa kuti kuli buku lathunthu la mapu okhaokha a dziko limene lija. Dzina lake ndi The Atlas of Middle-earth, analemba ndi mayi Karen Wynn Fonstad a ku America, omwe ntchito yawo inali yojambula mapu ndipo anaphunzira jogalafe mpaka digiri yachiwiri. Linatuluka koyamba mu 1981 kenako analikonzanso mu 1991, ine ndili ndi lokonzedwalo, lachikuto chofewa, ndinalipeza kwa ogulitsa mabuku akale pa msika pompano pa boma. Ndinene pachiyambi pomwe kuti bukuli ndi labwino ndipo ngati mumakonda jogalafe kapena nkhani za Tolkien, mlembi wa mabuku a Lord of the Rings, muligule, koma lili ndi mavuto ake ndipo limodzi mwa iwo likundipwetekabe mtima.

Mkatimo muli mapu a dziko lonse mmene linkasinthira pa nyengo zake zitatu, mapu a mizinda, a nkhondo, a njira zomwe anthu a mu nkhanizo anayenda tsiku ndi tsiku, kumapeto kuli mapu a nyengo, zomera, zilankhulo ndi komwe mitundu ya anthu inkakhala. Mayiwa sanangokopera mapu omwe ali mmabuku a Tolkien ayi, amatenga chiganizo chimodzi cha mu nkhani chonena kuti anthu anayenda masiku angati kapena phiri linkaoneka mbali iti dzuwa likulowa, nkuwerengera mtunda ndi sikelo ngati akuyeza malo enieni. Pamenepa mpomwe ndinatenga mapu a Malawi a ku sekondale aja nkuyamba kufananitsa, chifukwa ngati iwo akuti dziko lopekali limatsata malamulo a dziko lenileni ndiye tiliyese ndi dziko lomwe ife timalidziwa.

Mtsinje waukulu wa kumeneko ndi Anduin ndipo apa bukuli landigwira mtima kwambiri. Tsatirani bwino. Anduin amatsika kuchokera kumpoto, mmbali mwake muli mapiri, amadutsa pa mathithi ang'onoang'ono a Sarn Gebir pomwe anthu aja anachita kutsika nkunyamula mabwato kuyenda nawo pamtunda, kenako amalowa mkanyanja kotchedwa Nen Hithoel, akatuluka mmenemo amagwa pa mathithi aakulu a Rauros, pansi pa mathithiwo pali madambo a matope okhaokha, kenako chigwa mpaka ku nyanja yamchere. Tsopano imani pa Bakili Muluzi Bridge muyang'ane Shire wathu. Amatuluka mu nyanja ya Malawi cha kumtunda kuno, sayenda nkomwe patali walowa kale mu Malombe, atuluka, Liwonde, kenako kuyambira cha ku Matope amayamba kugwa, Kholombidzo, Nkula, Tedzani, Mpatamanga, Kapichira, kutsika pafupifupi mamita 400, ndipo akafika pansi ku Chikwawa madzi aja amafooka nkumwazikana mu Elephant Marsh asanapite kukathira mu Zambezi. Kanyanja, mathithi, dambo, ndondomeko yake ndi yomweyo ndendende. Ndipo si mwangozi, madzi akathamanga pa phompho amakokolola dothi ndi mchenga, akafika pa chigwa mphamvu imatha ndiye amatula katundu uja nkuyamba kufunafuna njira, dambo limabadwa choncho. Olo za kunyamula mabwato zija zinachitika kuno zenizeni, Livingstone mu 1859 sitima yake inalephera kupitirira Kapichira, ndipo mu 1875 amishoni a Livingstonia sitima yawo ya Ilala anachita kuimasula zidutswazidutswa, anthu akuno nkusenza pamutu kuzungulira mathithi onse aja, nkukailumikizanso kumtunda kuti ikafike ku Cape Maclear. Ukawerenga peji ya Sarn Gebir ukudziwa zimenezi umaona kuti Tolkien madzi ankawamvetsa.

Palinso nyanja ziwiri zopanda potulukira madzi, ya Rhûn kummawa ndi ya Núrnen mkati mwa Mordor, dziko la mdani wamkulu wa mu nkhaniyi. Nyanja zoterezi ife tili nayo, Chilwa, mitsinje imangothiramo koma palibe wotulukamo, madzi amachoka ndi dzuwa basi nchifukwa chake ndi amchere ndipo chilala chikavuta imauma, inaumako mu 1995 komanso mu 2018 inatsala pang'ono kutheratu. Núrnen mu nkhanimo amainena kuti madzi ake ndi owawa, ndiye apa sayansi ndi nthano zagwirizana. Chimene ndikanakonda nkuti mapu aonetseko kuti gombe la nyanja yotere silikhala malo amodzi, limasuntha chaka ndi chaka, koma mbukumu mzere wake ndi umodzi wokhazikika basi.

Za mitunda nazonso zili bho. Kuchoka ku Hobbiton, mudzi womwe ulendo wa mu nkhaniyi unayambira, kukafika ku chigwa cha Rivendell amawerengera mamailosi 458, omwe ndi makilomita opitirira 730, ulendo wa masabata pafupifupi anayi. Nyanja ya Malawi yonse kutalika kwake ndi makilomita pafupifupi 570 ndiye ganizani munthu kuyamba pa Mangochi wapansi, kudutsa Nkhotakota, Nkhata Bay, kukafika ku Karonga ulendo usanathe. Mukagawa zimabwera makilomita ochepera 30 pa tsiku, zomwe munthu wamphamvu zake amathadi, agogo athu ankayenda choncho popita ku Wenela ndi ku Salisbury kusanabwere mabasi ambiri. Mu filimu zimaoneka ngati angodumpha kaphiri kamodzi afika, bukuli limakubwezera ulemu wa mtunda. Vuto nloti zonse zili mmamailosi ndiye kakyuleta ya pa foni ikhale pafupi.

Tibwere ku mapiri tsopano, apa mpomwe zinthu zimayamba kusokonekera. Mordor wazunguliridwa ndi mapiri mbali zitatu, kumpoto Ered Lithui, kumadzulo ndi kummwera Ephel Dúath, ndipo amakumana mmakona owongoka ngati mpanda wa njerwa woti mmisiri anagwiritsa sikweya. Dziko lenileni silipanga zimenezo. Mapiri amabwera pomwe nthaka yakankhana, kapena pomwe yang'ambika mbali ina nkutitimira ina nkutsala mmwamba, ndipo ife tikukhala mkati mwenimweni mwa chitsanzo chake. Mangochi ali pansi mu Rift Valley, nchifukwa chake ukayang'ana kummawa ukuona mzere wa mapiri omwe msewu wa ku Namwera umakwera pa Chowe paja, kumadzulo cha kutali kuli mzere wina wa ku Dedza ndi Ntcheu, mizere iwiriyi ikuyenda mbali imodzi kumpoto kummwera, pakati pake nyanja yozama mpaka mamita 700 cha kumpoto. Mizere yoyendera limodzi, osati bokosi. Mayi Fonstad amayesetsa kufotokoza Mordor ndi nkhani ya mapiri ophulika, ndipo pa Mount Doom ndi chigwa chozungulira cha Udûn zikumveka, koma makona aja sanandikhutiritse, ndikuona ngati anamukomera mtima Tolkien mopitirira. Komabe tisamuweruze kwambiri mkuluyu, Lord of the Rings inatuluka mu 1954 ndi 1955 pomwe chiphunzitso chakuti zigawo za nthaka zimayenda nkumagundana chinavomerezedwa ndi akatswiri ambiri mzaka za mma 1960, komanso mu nthano zake mapiri ena anachita kuwaimika ndi mizimu yamphamvu kuti atseke njira. Ndikanakonda bukuli likanangonena poyera kuti apa ndi nthano, sayansi yathera apa.

Phiri limene ena amaliseka koma ine ndikuliteteza ndi Lonely Mountain, phiri lokhalokha pakati pa chigwa ndipo mtsinje ukuchokera mmenemo. Amene amati nzosatheka sanafike ku Mulanje. Phiri lija limangodzuka pa chigwa mpaka mamita 3,002 pa Sapitwa, ndi mwala wolimba womwe unatsala nthaka yofewa yozungulira itakokoloka, ndipo Ruo, Likhubula, Thuchila onse akuchokera mmenemo. Mulanje yemweyo amatiphunzitsanso za mvula, mbali yomwe imalandira mphepo yachinyontho ya kummwera chakummawa kuli tiyi wobiriwira chaka chonse, ukazungulira ku Phalombe kouma. Ku Middle-earth mphepo ya mvula imachokera ku nyanja ya kumadzulo nkugunda Misty Mountains, ndiye kuseri kwake kumayenera kukhala kouma ndithu, koma kumeneko nkomwe kuli nkhalango yaikulu ya Mirkwood. Mapu a nyengo a kumapeto aja sanandiyankhe bwino funso limeneli.

China chomwe owerenga akuno muyenera kukumbukira nchakuti dzikoli analimanga pa Ulaya. Tolkien mwini wake analemba mkalata kuti Hobbiton ali pa mzere umodzi ndi Oxford, ndipo Minas Tirith, likulu la dziko la Gondor, mamailosi 600 kummwera, ali pa mzere wa Florence ku Italy. Ndiye kumeneko kupita kummwera ndi kupita kotentha, December ndi nthawi ya chisanu. Kwa ife zinatembenuka, aliyense amene ali ndi mchimwene ku Joni amadziwa kuti June kumeneko kumazizira kuposa kuno, ndipo mphepo yathu yozizira ndi mwera womwe umavutitsa asodzi ku Makawa ndi ku Monkey Bay, umachokera kummwera. Mwana wa sukulu akamawerenga bukuli pafunika wina womuuza zimenezi, apo ayi asokoneza mmayeso. Malo omwe munaona mu filimu aja ndi ku New Zealand, si Ulaya, ndiye musadabwe ngati zithunzi za mmutu mwanu sizikugwirizana ndi mapu ena.

Tsopano chondipweteka chija. Kummwera kwa Gondor kuli dziko lotchedwa Harad, kotentha, komwe kumachokera njovu zazikulu za nkhondo zija ndi anthu akhungu lakuda. Mukafananitsa ndi mapu enieni, kumeneko ndi kwathu, ndi Africa. Mutsegule bukuli muone. Kumpoto kamudzi kalikonse kali ndi dzina, kamtsinje kalikonse, mlatho, nyumba ya alendo, mpaka pulani ya mkati mwa nyumba ya Bilbo, mmodzi mwa anthu a mu nkhaniyi. Kummwera kuli doko la Umbar, msewu umodzi, kamtsinje ka mmalire, kwinako pepala loyera ndi dzina lolembedwa mzilembo zazikulu basi. Anthu akumeneko amangotulukira pa mapu a nkhondo ngati mivi yolozera komwe adani akuchokera. Mayi Fonstad sindingawaimbe mlandu wonse, sakanajambula zomwe Tolkien sanalembe, koma zimandiwawa chifukwa Tolkien anabadwira ku Bloemfontein ku South Africa mu 1892, ngakhale anachokako ali ndi zaka zitatu. Ndipo mapu oterewa ife tinawaonapo kale, azungu ankajambula mkati mwa Africa mopanda kanthu pomwe Ayao anali akuyenda kale malonda kuchoka kuno mpaka ku Kilwa ndi ku Mozambique Island, mafumu ngati Mponda ndi Makanjira ali ndi midzi yawo ikuluikulu, madooko owolokera ali ndi maina, kenako mu 1891 azungu aja anadzamanga Fort Johnston, yomwe pano ndi Mangochi, nkuyamba kulemba dzina limenelo pa mapu ngati malowa ayamba tsiku limenelo. Ndikaona Harad wopanda kanthu ndimaganiza zimenezo ndipo sindingachitire mwina. Ndikufunitsitsa mwana wa kuno amene amalemba nthano adzatijambulire dziko lake lopeka lomwe pakati pake pali nyanja yaitali ya mchigwa, mwera, zilumba ngati Boadzulu ndi Thumbi, ndipo kumpoto kozizirako kukhale komwe kwatsala koyera.

Za kapangidwe ka buku lenilenilo, mapu ndi a mitundu iwiri yokha, wakuda ndi wofiirira, ndiye amene mukuyembekeza zokongola ngati za mu filimu mukhumudwa, ine sizinandivute chifukwa mizere ndi yooneka bwino. Chomwe chimatopetsa nchakuti mapu ambiri atenga mapeji awiri ndipo pakati pomwe buku linamatidwa pamameza malo, ukafuna kuona bwino uyenera kulikanikiza ndipo ndi kutentha kwa Mangochi kuno guluu wake sachedwa kuuma, langa mapeji apakati ayamba kale kugwedera. Zilembo zina nzazing'ono kwambiri zosawerengeka ndi tochi usiku magetsi akazima. Chizungu chake nchosavuta kwa amene anafika Fomu 3 kapena 4 koma muli mawu a jogalafe ambiri, ndipo gawo loyamba lonse ndi la nkhani za mu Silmarillion, buku lina la Tolkien lonena za chiyambi cha dzikoli, ngati simunawerenge limenelo mudzangoona maina osadziwa mutu wake, bola kuyambira pakati pomwe pali mapu a buku la The Hobbit nkumabwerera mmbuyo pang'onopang'ono.

Kwa aphunzitsi a jogalafe ndikuti ili ndi buku loti mutha kulowa nalo mkalasi, muwapatse ana mapu a Anduin ndi a Shire afananitse okha, kenako muwafunse chomwe chalakwika ndi mapiri a Mordor. Kwa amene munangoonera mafilimu ndipo simukonda kuwerenga, bwerekani kaye musanataye ndalama. Ndipo mukalipeza pa kaunjika wa mabuku muyang'ane ngati ndi lokonzedwanso la 1991, mutsegule pakati muone ngati mapeji sanathothoke, ndiponso muone kumapeto ngati mndandanda wa maina a malo ulipo wonse chifukwa popanda umenewo kupeza malo amodzi pa mapu onse aja ndi ntchito yaikulu.