Mabatire a magalimoto a pa yadi: kuliza m'mawa uliwonse, kuchotsa theminolo, sola kapena tchaja?

Anzanga amene mumagulitsa magalimoto kuno ku Kasungu, kaya muli ndi showroom yamagalasi kaya ndi kayadi ka mpanda wa waya m'mbali mwa M1, nkhani ya mabatire otha moto ikutipweteka tonse mofanana. Galimoto imafika bwinobwino kuchokera ku Japan, yatsikira ku Dar es Salaam, yalowera pa Songwe, koma ikangoima masabata angapo kudikira kuti alimi agulitse fodya ku Chinkhoma, tsiku lomwe kasitomala wabwera ndi ndalama m'manja mukapotokola kiyi mumangomva tche tche tche basi. Munthu uja nkhope imasintha pompo, amayamba kukayikira injini, giyabokosi, chilichonse, pomwe vuto ndi batire yokha.

Tiyambe tagwirizana kaye chimene chimadya motowo. Galimoto olo mwaizimitsa, kompyuta yake, wotchi, alamu ndi zija za kiyi wa batani zimakokabe pang'onopang'ono, ma milliamp 20 mpaka 50 ndi zabwinobwino. Tiwerengere pa 30: pa tsiku ndi 0.7Ah (Ah ndi muyezo wa kuchuluka kwa moto wa m'batire), pa sabata 5Ah. Kabatire ka NS40 kamene timakapeza mu tima Passo ndi Mira kamasunga cha m'ma 35Ah, ndiye masabata atatu kapena anayi theka lapita musanaguleko olo sopo wotsukira. Onjezanipo kutentha kwa Okutobala komwe kumaphwetsa batire payokha, onjezaninso makasitomala otsegula zitseko, kuyatsa wailesi, kukweza ndi kutsitsa magalasi injini isanalire. Ndipo choipa kwambiri nchakuti batire ikakhalitsa pansi pa 12.4V mapuleti ake mkatimo amagwira sulphate youma, ikatero sidzasunganso moto ngati kale olo muitchaje bwanji.

Njira imene pafupifupi yadi iliyonse imatsata ndi yotuma mnyamata kuliza magalimoto onse m'mawa, mphindi 5 kapena 10, kenako nkuzimitsa. Ine njira imeneyi ndimaikana kwambiri. Inde mafuta a injini amazungulira, ndipo anthu odutsa akamva injini zikulira amadziwa kuti katundu ndi wamoyo, izo sindikutsutsa. Koma kumbali ya batire, mphindi 10 galimoto itangoima alternator, ija yotchaja batire injini ikamalira, imangobweza zomwe stata yadya mwina ndi kapang'ono pamwamba, pomwe batire yomwe yatsika kale imafuna maola kuti idzadze chifukwa ikamayandikira kudzadza imalandira moto mwaulesi kwambiri. Magalimoto atsopanoko aja a idling stop, ozimitsa injini okha mukaima pamsewu, kompyuta yake mwadala siidzadzitsa batire mpaka pakamwa pofuna kupulumutsa mafuta. Ndiye mnyamata uja akayatsanso AC ndi nyimbo uku akupukuta dashibodi, palibe chimene mwapindula. Werenganinso petulo wa magalimoto khumi tsiku ndi tsiku m'mene mafuta akuvutiramu, ndipo ngati ndi m'nyumba yotseka utsi uja uli ndi carbon monoxide, mpweya wosanunkha koma wopha. Kuyendetsa galimoto theka la ola pamsewu ndiye kumathandizako ndithu, mabuleki sachita dzimbiri, matayala sakhalira mbali imodzi, koma mukuwonjezera mailosi ndipo galimoto yopanda nambala ndi inshuwalansi simungangotuluka nayo.

Yachiwiri ndi yochotsa theminolo ya negetivi. Iyi ndi yaulere, sipanala ya 10 basi, ndipo imagwiradi ntchito chifukwa kukoka kuja kumatheratu, batire yabwino yodzadza imatha kukhala mwezi wonse ndi kupitirira ikadali ndi mphamvu yoliza. Pochotsa yambani ndi negetivi, pobwezera malizani ndi negetivi. Koma tamverani apa, musanamasule nati yang'anani wailesi. Mawailesi ambiri a sikirini obwera ndi magalimoto a ku Japan moto ukaduka amadzuka akufuna pasiwedi kapena SD khadi ya mapu, ndipo khadilo nthawi zambiri silifika nawo kuno. Sikirini imangoonetsa zilembo za Chijapani, nyimbo zii, kamera ya rivesi zii, ndiye muyambe kusaka munthu woti akutsegulireni ndi ndalama. Wotchi imabwerera pa ziro, magalasi ena amaiwala auto, ndipo kasitomala akakuonani mukutsegula boneti ndi sipanala m'manja musanalize amayamba kufunsa mafunso ambiri. Ndiye njira iyi ndimaiona yoyenera magalimoto a mzere wakumbuyo, amene akudikira mapepala kapena sipeya, osati amene ali kutsogolo kuonetsedwa tsiku lililonse.

Sola ndiye anthu ambiri amaifunsa poti dzuwa kuno sitisowa. Kapanelo ka 10W pa dzuwa labwino kamapereka cha m'ma 0.5A, maola angapo patsiku ndi 2Ah kapena kuposerapo, zomwe zikuposa 0.7Ah imene galimoto ikudya, ndiye masamu ake akutheka bwinobwino ndipo magetsi kuthima sikukukhudzani. Koma ndi ya panja pokha, pansi pa denga kapena shedi neti iwalani. Mukaiika mkati kuseri kwa windisikirini mphamvu imatsika, mukaiika panja fumbi lathu la chilimwe limaikuta ndipo muyenera kumaipukuta, usiku nkumailowetsa kuopa manja aatali. Musalumikize panelo molunjika popanda kontrola, kachipangizo koletsa moto kupitirira muyezo, ingakuwiritsireni batire. Chinanso chimene ambiri amagwa nacho nkuibaya pa soketi yoyatsira fodya, magalimoto ambiri a ku Japan soketi imeneyo imafa mukachotsa kiyi, ndiye panelo ikhala padzuwa tsiku lonse moto osafika ku batire. Panani mawaya pa batire penipeni. Ndipo dziwani kuti sola yaing'ono chonchi imangosunga batire yodzadza kale, yakufa singaidzutse.

Tsopano tchaja ya magetsi, ndipo apa pali mitundu iwiri yomwe anthu amaisokoneza. Pali ija yachikale yolemera imene otchaja mabatire kumsika amagwiritsa ntchito, siidziwa kuima yokha, imangothira moto mpaka wina aizule. Mukaiiwala usiku wonse batire imatentha, madzi amawira nkutsika, mumamva fungo la mazira owola, ndipo mpweya umene ukutuluka pamenepo ndi hydrogen, kasipaki kamodzi batire imaphulika. Batire ya zivindikiro mutha kuithira madzi a batire a distilled nkupulumuka, osati asidi chonde, koma yomata ya AGM ikawira ndiye kwatha.

Inayo ndi smart charger, za mtundu wa CTEK, NOCO ndi zina zotchipirapo zogwira ntchito mofanana. Iyi imayeza batire yokha, imathira moto wambiri poyamba, nkumachepetsa, ikadzadza imangoisunga cha m'ma 13.6V osaiwiritsa, mutha kuisiya masiku ambiri mtima uli m'malo. Kwa ine iyi ndiye yopambana zonse ndipo sindikayika konse. Anthu amaopa kuti afunika tchaja pa galimoto iliyonse, ayi, imodzi ya 5A imazungulira yadi yapakatikati bwinobwino, lero m'mawa iyi, masana iyo, galimoto iliyonse izilandira kamodzi pa masabata awiri, poti mukungobwezera ma 10Ah omwe atayika. Galimoto imene ili pakhomo penipeni yomwe aliyense amatsegula nkukhalamo, imeneyo isiyeni yolumikiza tsiku lonse waya atadutsa pansi. Pogula funsani zinthu ziwiri, ngati ili yoyenera mabatire a AGM komanso a idling stop aja olembedwa M-42, Q-85 kapena S-95, ndiponso ngati imayambanso yokha magetsi akabwera atathima, chifukwa ina imadikira kuti munthu adine batani ndiye mungaganize kuti yatchaja usiku wonse pomwe inaima 8 koloko madzulo. Galimoto yokhala ndi kasensa pa theminolo ya negetivi, kopanira kakuda kapaneni pa chitsulo cha bodi osati pa theminolo, kuti kompyuta ione moto umene ukulowa. Kuipa kwake ndi mtengo pogula, mawaya oyala pansi, komanso nthawi ya mvula ekisitenshoni panja ndi ngozi.

Majampa ndi kabusta konyamula m'manja khalani nazo, zimakuchotsani manyazi kasitomala ali pompo, makamaka poti otomatiki sungaikankhe. Koma zimenezo nzolizira chabe, batire imakhalabe yanjala.

Ma hybrid ngati Aqua ndi Prius nkhani yake ndi ina pang'ono. Alibe alternator, kabatire ka 12V kamatchajidwa kuchokera ku batire yaikulu galimoto ikakhala pa READY, kutanthauza yoyatsidwa yokonzeka kuyenda, ndiye kwa amenewa kuwasiya pa READY giya ili pa P pafupifupi ola limodzi pa sabata kumathandizadi, bola panja chifukwa injini imadzilira yokha nthawi ina iliyonse. Kuwasiya pa ACC, paja poyatsa wailesi galimoto isanafike pa READY, nyimbo zikulira ndiye kupha kabatireko msangamsanga. Mu Aqua kali pansi pa mpando wakumbuyo, musavutike kukasaka mu boneti. Makiyi a batani musawapachike pafupi ndi magalimoto, galimoto ikamamva kiyi wake pafupi siigona bwino ndipo imadya moto wambiri.

Njira iliyonse mungasankhe, gulani maltimita ndi kakope. Yezani m'mawa musanalize, batire itapuma usiku wonse, chifukwa mukayeza itangochoka pa tchaja imaonetsa nambala yokwera yonama. 12.6V ndi yodzadza, 12.4V ikani pa mzere wa tchaja sabata yomweyo, 12.2V ndi theka musadikirenso mawa, pansi pa 12.0V yayamba kuonongeka. Yomwe mwaitchaja nkudzadza koma patangopita masiku awiri yatsika pa 12.2V theminolo ili yochotsa, imeneyo yatha ntchito, ndipo yoonetsa cha m'ma 10.5V selo imodzi yafa. Isintheni galimoto isanatuluke pa geti, kuopa kuti mlimi wa ku Santhe kapena ku Chamama akakuimbireni foni mawa lake m'mamawa galimoto itakana kulira pakhomo pake.