Lexus LS 430 kapena Benz S-Class W220: ndi iti yoti mugule lero?

Galimoto ziwirizi zinapangidwa kuti zilimbirane munthu mmodzi yemweyo: bwana wa kampani, nduna, kazembe, munthu wokhala kumbuyo wina akumuyendetsa. Lero zonse zili ndi zaka pafupifupi 20 kapena kuposa, ndipo pa masamba ogulitsa galimoto za ku Japan mtengo wake watsika mpaka kufika poti ambirife mtima umayamba kudyokoka. Benz W220 inapangidwa kuyambira 1998 mpaka 2005, Lexus LS 430 kuyambira 2000 mpaka 2006. Ku Japan Lexus imeneyi inkagulitsidwa ndi dzina loti Toyota Celsior, choncho mukaona Celsior musaderere, ndi galimoto yomweyo.

Pa mbiri, Benz ilibe mnzake. Dzina la S-Class linayamba mu 1972 ndi W116, ndipo mu 1978 galimoto yomweyo inalandira mabuleki a ABS (oletsa matayala kutsetsereka popanga buleki mwamphamvu) omwe Mercedes inapanga limodzi ndi Bosch. W126 inatuluka mu 1979, ndipo mu 1981 inayamba kukhala ndi airbag ya dalaivala. Ndi W126 yomweyi, 500 SE yofiira, imene ogwira ntchito ku fakitale ya East London ku South Africa anapangira Nelson Mandela mu 1990, pa maola awo owonjezera osalandirapo malipiro. Kenako W140 ya 1991 inabwera ndi magalasi ophatikiza awiri komanso injini ya V12, koma anthu anadandaula kuti yanenepa kwambiri. W220 inali yankho la dandaulolo: yopepukirapo, yowonda, yodzaza ndi zamagetsi.

Lexus inachokera kwina. Mu 1983 Eiji Toyoda, mkulu wa Toyota, anafunsa mainjiniya ake ngati Toyota ingapange galimoto yolimbana ndi zapamwamba kwambiri padziko lonse. Ntchitoyo anaitcha F1, ndipo amene anaitsogolera mpaka kumapeto anali Ichiro Suzuki. Inatenga mainjiniya 1,400 ndi galimoto zoyeserera pafupifupi 450. Zotsatira zake zinali LS 400, kholo la LS 430, yomwe inaonetsedwa ku Detroit mu Januwale 1989, ili ndi injini ya V8 (ya masilinda 8) ya malita 4.0, yotchedwa 1UZ-FE, yosamveka phokoso, pa mtengo wotsika kwambiri poyerekeza ndi Benz. Chaka chomwecho chisanathe kunapezeka vuto pa cruise control (chipangizo chosunga liwiro chokha) ndi pa nyali ya buleki, ndipo kampaniyo inaitanitsa galimoto pafupifupi 8,000 zomwe zinali zitagulidwa kale. Ogulitsa ankapita kukazitenga kunyumba za eni ake, n'kuzibweza zitakonzedwa. Kuyambira pamenepo anthu anadziwa kuti Lexus yaika mtima pa kusavutitsa mwini wake.

Tiyeni titsegule boneti. Benz W220 ya mtundu wa S 430 ili ndi V8 ya malita 4.3, yotchedwa M113, yotulutsa horsepower 279. Celsior ili ndi V8 ya malita 4.3, 3UZ-FE, yotulutsa 280 ku Japan. Papepala ndi mapasa. Kusiyana kuli m'kati. M113 ili ndi mavalavu atatu ndi mapulagi awiri pa silinda iliyonse, ndiye kuti tsiku losintha mapulagi mugula 16. Ubwino wake imayendera tcheni, osati timing belt, ndipo kunena chilungamo injini imeneyi ndi yolimba. Amene amanyoza W220 sanyoza injini yake. 3UZ ili ndi mavalavu anayi pa silinda ndipo imayendera timing belt, yomwe ku Japan amasintha pa makilomita 100,000. Ikaduka muli pa liwiro, mavalavu amagundana ndi mapisitoni. Mukagula, yang'anani kasitika kosonyeza kuti anasintha liti; ngati kalibe, sinthani pompo pamodzi ndi pampu ya madzi. Sitata yake anaibisa pansi pa intake manifold (mapaipi olowetsa mpweya mu injini), pakati pa V, moti kuichotsa ndi ntchito yaikulu. Pa injini pokha sindingapereke mfundo kwa aliyense.

Nkhani yeniyeni ili pansi pa galimoto, ndipo apa ndi pamene ndikufuna anzanga mumvetsetse. W220 wamba ilibe masipuling'i achitsulo. Imakhala pa matumba a mpweya otchedwa Airmatic, ndipo zina zamphamvu kwambiri zili ndi Active Body Control yoyendera oyilo. Zili zatsopano, kayendedwe kake n'kosasimbika. Koma labala wa zaka 20 amang'aluka. Poyamba mumangoona m'mawa kuti mbali imodzi yagona pang'ono, mukaliza injini n'kudzuka. Kompuresa, yomwe ili kutsogolo pafupi ndi tayala, imayamba kulira nthawi yaitali kuti ibwezeretse mpweya wothawawo, mpaka kupsa. Tsiku lina mumaipeza yakhala pansi ngati nkhuku yofungatira mazira, matayala alowa m'mabodi, moti ngakhale kuikweza pa galimoto yonyamula ndi chintchito. Celsior nayo ili ndi mtundu wa matumba a mpweya, umene ku Japan unkatchedwa C, ndipo nawonso umatopa. Kusiyana kwake n'kwakuti mitundu ina ya Celsior ili ndi masipuling'i wamba ndi mashoko wamba. Makaniko aliyense wodziwa Toyota akhoza kuwasintha. Pa misewu yathu ya maenje ndi mahampu ataliatali, chimenechi chokha chimandigamulira mlandu.

Zamagetsi nazo zimakokera mbali yomweyo. Benz ndi imene inatsogola: Distronic yoyeza mtunda ndi galimoto yakutsogolo pogwiritsa ntchito radar, Keyless Go yotsegula ndi kuliza galimoto osalowetsa kiyi, sikirini ya COMAND yoyendetsera wailesi ndi zina, ndipo mu 2002 Pre-Safe, yomwe imamanga malamba, kuwongola mpando ndi kutseka sunroof ikazindikira kuti ngozi yayandikira. Ndimazilemekeza zimenezi, zinapulumutsa anthu. Koma makompyuta ambiriwo amadana ndi madzi. Pansi pa galasi lakutsogolo pali kabowo kotulutsira madzi a mvula. Kakatsekeka ndi masamba, madzi amalowa m'kati n'kunyowetsa mawaya, ndipo galimoto yogona pansi pa mtengo wa mango nyengo ya dzinja ili pa chiopsezo chachikulu. Giyabokosi yake ya magiya asanu ili ndi pulagi imene imadontha oyilo, oyiloyo n'kumayenda m'mawaya mpaka kukafika ku kompyuta. W220 zoyambirira zinkachitanso dzimbiri m'munsi mwa zitseko ndi m'mphepete mwa matayala. Zovuta za Celsior n'zazing'ono: timamota tokhomera zitseko, mota yokweza ndi kutsitsa chiwongolero, sikirini yolembedwa Chijapani, ndi wailesi yolekezera pa 90 MHz, yomwe imafuna kachipangizo kowonjezera kuti mumve masiteshoni ambiri akuno.

Musaganize kuti poti ndi Toyota masipeya ake ali paliponse ngati a Corolla. Ayi. Chothandiza n'chakuti ku South Africa anthu amakonda kwambiri kuika ma V8 a Lexus mu Hilux ndi galimoto zina, choncho zipangizo za injini za UZ zimapezeka mosavuta ku Johannesburg. Za Benz zimapezekanso kumeneko, koma pamafunika makaniko wokhala ndi kompyuta yowerenga Mercedes, ndipo otere si ochuluka. Pa mafuta zonse zimamwa petulo mosaumira, ndipo msonkho pa boda umakwera chifukwa cha kukula kwa injini ndi ukalamba wa galimoto. Werengerani zimenezo musanatumize ndalama.

Pali chimodzi chimene Lexus siingalande. Pa msewu wautali, pa liwiro, W220 yabwinobwino imagwira phula molimba ndipo chiwongolero chake chimakuuzani zimene matayala akuchita. LS 430 ndi yachete kwambiri, yofewa, koma pokhota imapendama ndipo siikusangalatsani ngati dalaivala. Anaipangira munthu wofuna kufika osatopa.

Ine ndingatenge Celsior ya masipuling'i, makamaka ya kumapeto kwa 2003 kupita mtsogolo, yomwe ili ndi magiya asanu ndi limodzi. Ngati mtima wanu uli pa nyenyezi ya Benz, sakani yopangidwa pambuyo pa kusintha kwa mu 2002, S 350 kapena S 430 yopanda Active Body Control, ndipo sungani padera ndalama ya matumba onse anayi ndi kompuresa. Musailipire musanaione m'mawa, itagona usiku wonse mwini wake asanailize.