Maphunziro a zisudzo pa yunivesite ya Chikhristu ku America: mmene akuonekera masemesita awiri atatha

Mu Seputembala, chaka cha sukulu chitangoyamba, tinaunika maphunziro a zisudzo m'mayunivesite a Chikhristu a ku America, monga Baylor ya ku Waco m'boma la Texas ndi Wheaton College ya kufupi ndi Chicago. Tinayamikira kuti makalasi ndi aang'ono ndiponso kuti wophunzira wa chaka choyamba amagwira zida msanga, osadikira kufika chaka chachitatu. Tinafunsanso ngati malamulo a mpingo samanga manja aphunzitsi. Tsopano masemesita awiri atha, masewero aonetsedwa n'kupasulidwa, magiredi atuluka. Zimene tinayamikira zija zidakalipo. Dzanja la mpingo limaoneka ndithu, koma makamaka pa kusankha masewero. Chimene chimafoola wophunzira wa chaka choyamba ndi nthawi, ndipo timabuku tokopera anthu ku sukuluzi sitinena zimenezi.

Tiwerengere limodzi. Ku America kirediti imodzi ndi ola limodzi m'kalasi kuphatikiza maola osachepera 2 owerenga pawekha sabata iliyonse, kwa masabata pafupifupi 15. Wotenga makirediti 15 ali kale ndi maola 45 pa sabata. Akapatsidwa gawo m'sewero lalikulu amayeserera madzulo 5 kapena 6 pa sabata, maola pafupifupi 4 tsiku lililonse, kwa masabata 4 mpaka 6. Apo tafika maola 65 mpaka 69, tisanawerenge ntchito ya m'shopu yomangira zapasiteji, imene kawirikawiri imapatsidwa kirediti imodzi yokha ngakhale imadya masana angapo. Ndiye pabwere za sukulu ya Chikhristu. Ku Baylor aliyense amachita masemesita awiri a chapel (mapemphero a pasukulu) ndi makosi awiri, The Christian Scriptures ndi The Christian Heritage. Ku Wheaton chapel imachitika katatu pa sabata. Palibe cholakwika ndi zimenezi, munthu anasankha yekha sukulu yotere, koma maolawo sachokera kumwamba.

Zinthu zimaphulika pa tech week, sabata yomaliza pamene nyali, zomveka, zovala ndi zapasiteji zimakumana ndi ochita sewero koyamba. Kumakhala kuima ndi kuyambiranso, chizindikiro chimodzichimodzi, mpaka usiku kwambiri. M'masukulu amene salola kuyeserera Lamlungu ophunzira amapumadi tsiku lathunthu, ndipo ichi n'chabwino chenicheni, koma ntchito ya tsikulo imaunjikana pa Loweruka ndi Lolemba. Makosi amene amavulala si a zisudzo ayi. Ndi a m'mawa aja, Baibulo, sayansi, chilankhulo chachilendo, chifukwa munthu amene wagona 1 koloko sawerenga machaputala a Levitiko ndi mutu wabwino. Giredi ikatsika pamabwera mavuto awiri nthawi imodzi: thandizo la fizi nthawi zambiri limafuna GPA (avareji ya magiredi) yakutiyakuti, ndipo madipatimenti ambiri sapereka gawo m'sewero kwa amene magiredi ake agwa.

Mankhwala ake ndi osavuta koma ochepa amamwa. Sabata yoyamba ya semesita, tengani ndondomeko za makosi onse, lembani masiku a mayeso ndi opereka ma-essay pa kalendala imodzi ndi masiku a tech week, ndipo pamene zagundana kaonaneni ndi mphunzitsi nthawi yomweyo. Mphunzitsi wouzidwa mu Seputembala amasuntha tsiku. Wouzidwa dzulo lake amakana, ndipo sitingamunene. Semesita imene mukuyembekezera gawo lalikulu tengani makirediti 12 kapena 13. Musatsike pansi pa 12, chifukwa pamenepo simuwerengedwanso ngati wophunzira wanthawi zonse, zimene zimakhudza thandizo la fizi komanso chitupa cha F-1 (viza ya ophunzira) kwa ochokera kunja.

Za madigiri awiri, BA (yamaphunziro osiyanasiyana) ndi BFA (yozama pa luso la zisudzo), tidutsepo mwachangu. Bungwe la NAST, limene limavomereza maphunziro a zisudzo ku America, limayembekezera kuti pa BFA pafupifupi 65 peresenti ya makirediti ikhale ya zisudzo. Mukawonjezerapo makosi a Baibulo ndi ena okakamiza, malo osankha kosi mwakufuna kwanu amatsala ochepa zedi. Wotsimikiza kuti akufuna kukhala wochita sewero kapena wokonza nyali, BFA ndi yake. Amene akuganiza zodzaphunzitsa, kulemba masewero kapena kutumikira mu mpingo, BA imamusiyira mpata wopumira.

Chimene chakula mtengo m'maso mwathu miyezi ikamapita ndi shopu. Ophunzira ambiri amabwera akulota kuombedwa m'manja, n'kuona shopu ngati chilango, komatu luso limene limapezetsa ntchito msanga lili kumeneko. Zolakwa zake zimabwerezeka chaka ndi chaka. Khoma lapasiteji la mtundu wa Hollywood flat limakhala mafiti 4 m'lifupi ndi 8 m'litali, lomangidwa ndi matabwa a 1x4 oimika cham'mbali. Thabwa lotchedwa 1x4 kukula kwake kwenikweni ndi mainchesi 0.75 ndi 3.5. Choncho matabwa a pamwamba ndi pansi adulidwe mainchesi 48, a m'mbali 94.5, ndipo opingasa pakati 46.5. Wodula a m'mbali mainchesi 96 amapeza khoma latalika ndi inchi ndi theka, pulayiwudi osafika kumapeto, ndipo thabwa lawonongeka.

Pa nyali, yofala kwambiri ndi Source Four ya kampani ya ETC, yokhala ndi babu la mawati 575 kapena 750. Dimmer (chida chowonjezera ndi kuchepetsa kuwala) ya ma-amp 20 pa mavolti 120 imanyamula mawati 2,400. Nyali zinayi za 575 ndi 2,300, zimakwana. Zinayi za 750 ndi 3,000, ndipo breaker imagwa sewero lili mkati. Wophunzira amene sanatsegule nyali kuti aone babu lili mkatimo ndiye amachititsa zimenezi. Galasi la babulo saligwira ndi zala, chifukwa mafuta a pakhungu amalitenthetsa malo amodzi mpaka kuphulika. Nyali iliyonse yopachikidwa ikhale ndi chingwe chachitsulo chotetezera, ndipo sipanala imangidwe ku lamba, pakuti pansi pali mitu ya anthu.

Choopsa koposa ndi zingwe zokwezera zapasiteji zogwiritsa ntchito zitsulo zolemera. Dongosolo lake silisintha. Pokweza katundu, tsitsani paipi yopachikapo katundu, mangani katunduyo, kenako wina ali pamwamba aike zitsulo. Potsitsa, chotsani zitsulo poyamba, katundu pambuyo. Mukasemphanitsa, mbali ya zitsulo imalemera kuposa paipi, imathamangira pansi, paipi n'kuulukira kudenga. Ngozi zotere zimakonda kuchitika usiku wopasula siteji, sewero lomaliza litangotha, anthu atatopa ndipo akufuna kukagona. Dipatimenti yabwino imaika munthu mmodzi yekha wolamula zingwe usiku umenewo, ndipo salola kuti wina aliyense afuule malangizo.

Tsopano pa nkhani ya mpingo. M'kalasi ya kachitidwe ka sewero simumva kusiyana kwenikweni: ndi njira zomwe zija za akatswiri ophunzitsa zisudzo, Stanislavski ndi Meisner, kapumidwe ndi mawu monga kwina kulikonse. Kalasi ya mbiri ya zisudzo ndiyo imakoma mwapadera pa sukulu yotere, chifukwa ophunzira amaimva ngati nkhani ya kwawo. Tertullian, mlembi wa Chikhristu wakale, analemba zotsutsa zionetsero cha m'ma 200. Patapita zaka mazana angapo, mpingo womwewo unayamba kuchita kasewero ka amayi ofika kumanda pa mapemphero a Pasaka, ndipo Hrotsvitha, mayi wotumikira mu mpingo wa ku Gandersheim ku Germany, analemba masewero 6 m'zaka za m'ma 900. Mu 1642 nyumba za zisudzo za ku London zinatsekedwa ndi lamulo la nyumba ya malamulo. Ophunzira okulira m'tchalitchi amakangana pa zimenezi ndi mtima wonse, ndipo mkangano wotero umaphunzitsa.

Pamene dzanja la mpingo limaoneka ndi pa mndandanda wa masewero a chaka. Nkhani yodziwika kwambiri inachitikira ku Baylor komweko. Mu Disembala 1962 mtsogoleri wa yunivesiteyo, Abner McCall, anaimitsa sewero la Eugene O'Neill lotchedwa Long Day's Journey into Night anthu atadandaula ndi mawu ena otukwana. Mkulu wa dipatimenti, Paul Baker, sakanatha kuchotsa mawuwo chifukwa mgwirizano ndi mkazi wamasiye wa O'Neill sunalole kusintha kalikonse. Mu 1963 Baker anasiya ntchito pamodzi ndi aphunzitsi anzake n'kupita ku Trinity University ku San Antonio. Papita zaka zoposa 60 ndipo Baylor inasintha zambiri, mwachitsanzo inalola gule pa sukulupo mu 1996, koma mfundo ya mgwirizano ija idakalipobe kulikonse. Makampani opereka chilolezo cha masewero, monga Music Theatre International, Concord Theatricals ndi Dramatists Play Service, salola kuchotsa kapena kusintha mawu popanda kalata yovomereza. Sukulu imene siifuna mawu ena ili ndi njira ziwiri zokha zoyenera: kupempha chilolezo, kapena kusiya sewerolo. Kufufuta mwakachetechete n'kuphwanya mgwirizano, ndipo wophunzira amene waona aphunzitsi ake akuchita zimenezo waphunzira khalidwe limene lidzamuchotsetsa ntchito.

Zotsatira zake pa wophunzira zimaoneka pang'onopang'ono. Dipatimenti yamantha imathawira ku Shakespeare, masewero akale ndi a nyimbo osakhumudwitsa aliyense. Masewerowo ndi abwino, koma womaliza zaka zinayi asanagwirepo sewero lolembedwa posachedwa amakavutika pa ma-audition (mayeso osankhira ochita sewero) a kunja. Madipatimenti olimba mtima amathetsa vutoli mwanjira yooneka: masewero aakulu amakhala oti banja lonse lionere, koma m'kachipinda kakang'ono ka black box ndi m'makalasi ophunzira amagwira zolemba zovuta, oonera atachenjezedwa pakhomo. Njira imeneyi tikuivomereza. Musanalipire fizi, pemphani mndandanda wa masewero a zaka 5 zapitazi, a siteji yaikulu ndi a ophunzira omwe, muwerenge kuti ndi angati olembedwa pambuyo pa 2000. Funsaninso kuti amavomereza mndandandawo ndani, aphunzitsi a dipatimenti kapena ofesi ina ya pamwamba.

Palinso mbali ya chikumbumtima cha wophunzira mwini. Pa audition pamakhala fomu yofunsa ngati mungalole kupsompsona, kutukwana kapena kuvala mwakutimwakuti pa gawo lanu. Lembani zoona. Vuto limabwera munthu akavomera zonse pofuna gawo, kenako n'kukana sabata yachitatu, anzake atamanga kale zochitika pa iye. Dipatimenti yosamala imakonza kukhudzana kulikonse ngati mmene imakonzera ndewu yapasiteji, dzanja pati, masekondi angati, ndipo stage manager (woyendetsa zochitika pa siteji) amalemba kuti pasadzasinthe. Apa masukulu a Chikhristu ena amachita bwino, chifukwa kunena kuti ichi sindichita si chinthu chachilendo kwa iwo.

Zogula zimene sizili pa fizi: zovala zakuda zogwirira ntchito kuseri, nsapato zotseka zala za m'shopu, nsapato zovinira, bokosi lanulanu la zodzola popeza kubwerekana kumafalitsa matenda a maso, sipanala, tochi yaing'ono, ndi zithunzi za nkhope zojambulidwa bwino. Amene akufuna kuphunzira QLab, pulogalamu yoyendetsera zomveka, adziwe kuti imagwira pa kompyuta za Mac zokha.

Pa audition yomaliza chaka, imene m'madipatimenti ambiri imagamula ngati mupitirire pa BFA, konzani zolankhula pawekha ziwiri zosiyana mtima, chilichonse cha mphindi imodzi kapena imodzi ndi theka, ndi ma-bar (timagawo ta kayimbidwe) 16 kapena 32 a nyimbo ngati mumaimba. Ntchito za tchuthi chachitali zimapezeka pa misonkhano ya mabungwe a zisudzo ngati wa SETC ndi wa USITT, imene imachitika cha mu Malichi, koma kulembetsa ndi kusefa ochita sewero kumayamba miyezi ingapo m'mbuyo. Wa chaka choyamba amene wayamba kufunsa za ntchitozi mu Epulo wachedwa. Ayambe mu Okutobala, ali ndi zithunzi za zimene wamanga m'shopu ndi dzina la mphunzitsi mmodzi amene wavomera kumulembera kalata.